Chigubu chimodzi pa sabata kapena theka la thanki pa mwezi?

Ine ndi mlamu wanga wa ku Chilenje, mu Lusaka, tonse tili ndi mathanki a nsomba a malita 100, koma pa kasinthidwe ka madzi sitigwirizana. Alamu amadikira mwezi uthe, n'kutaya theka la madzi. Ine Loweruka lililonse ndimachotsa chigubu chimodzi cha malita 20.

Pamene alamu amandiposa ndi pa madzi: iwo malita 50 pa mwezi, ine 80. Kwa amene mpopi wake umatuluka m'bandakucha pokha, zimenezi si zazing'ono. Ntchitonso amagwira kamodzi basi.

Koma taonani zam'kati mwa galasimo. Ndowe za nsomba zimatulutsa poizoni wotchedwa ammonia, mabakiteriya a mu fyuluta (sefa yoyeretsa madzi) amamusandutsa nitrite, kenaka nitrate, amene amapweteka nsomba akachuluka ndipo amangounjikana mpaka mwini atataya madzi. Tiyerekeze kuti nitrate akukwera ndi 10 mg pa lita sabata iliyonse. Kwanga azidzayenda pakati pa 40 ndi 50. Kwa alamu adzafika 80, n'kugwa mpaka 40 tsiku limodzi. Nsomba zimadana ndi kudzidzimutsidwa kotere, makamaka mu Juni ndi Julaye pamene madzi a mu thanki ya padenga amazizira mpaka kuwawa m'manja. Malita 20 ozizira thanki ya nsomba imawameza bwinobwino. Malita 50, mawa lake mupeza nsomba zili duu pansi, zipsepse zitapinda.

Palinso za nthaka yathu. Lusaka inakhala pa miyala ya laimu, n'chifukwa chake madzi a pa borehole amasiya zoyera mu ketulo. Mbuna za m'nyanja ya Malawi ndi nsomba za ku Tanganyika zimawakonda madzi amenewa, koma tinsomba ta neon tetra ayi. Mu Okutobala madzi amauma msanga, ndipo amene amangothira pamwamba osachotsako akale akuunjika laimu ndi nitrate, poti zimenezi sizituluka ndi nthunzi. Kuwonjezera si kusintha. Madzi a pampopi nawo ali ndi chlorine: thirani mankhwala ochotsera, kapena agone usiku ndi usana mu baketi yosavindikira, ngakhale ine ndimadalira mankhwalawo.

Njira yachitatu, yokhuthula zonse ndi kutsuka miyala ndi fyuluta pampopi, ndinaiyesapo ndekha. Thanki inawala ngati ya mu shopu. Patatha masiku anayi madzi anachita mbuu, ma goldfish awiri ali chagada. Ndinali nditapha mabakiteriya onse. Siponji ya fyuluta imangofinyidwa m'madzi akale amene mwachotsa, basi.

Ngati nsomba zanu n'zochepa ndipo zomera n'zambiri, njira ya alamu ingakupirireni. Koma goldfish amadya ngati nkhumba. Awo ngakhale chigubu chimodzi chimachepa, pamafunika chimodzi ndi theka. Malaiti akazima tsiku lonse fyuluta ili chete, ndimachepetsa chakudya n'kusintha chigubu china pakati pa sabata. Alamu ndinawauza zimenezi Lamlungu lapitali, anangoseka n'kundipempha paipi yanga yokokera ndowe.