Kuphunzira ntchito ya akaunti kudzera ku ACCA

Chomwe chimasangalatsa pa njira ya ACCA, bungwe la ku Britain la akatswiri a akaunti, n'choti mayeso okha sakupatsani umembala. Pamafunika kukhoza mayeso 13, kumaliza phunziro la khalidwe loyenera pantchito, komanso kugwiradi ntchito ya akaunti kwa miyezi 36. M'miyezi imeneyi mumakwaniritsa zolinga 9, zisanu za aliyense ndi zinayi zodzisankhira, ndipo amasainira ndi wokuyang'anirani amene ali ndi ziyeneretso za akaunti.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Wophunzira amatha zaka zitatu akungolowetsa malisiti mu kompyuta, osakhudzako kuyanjanitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya kubanki, kapena kuwerengera msonkho wa VAT, ndiye pamapeto bwana amasowa choti asainire. Musanavomere malo a ntchito, funsani ngati azidzakusinthani madipatimenti, ndipo muzilemba zomwe mwagwira mwezi uliwonse.

Mayeso ambiri amalembedwa mu Malichi, Juni, Seputembala ndi Disembala, ndipo kukhoza kumayambira pa 50 peresenti. Chowawa ndi malipiro, chifukwa amawerengedwa m'mapaundi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ophunzira aku Malawi anazimva kwambiri. Ngati m'thumba muli mochepa, yambani mwayerekeza ndi maphunziro a ICAM, bungwe la akatswiri a akaunti la ku Malawi.