Kosi ya kujambula zithunzi: mmene ma asayimenti andiyendera kuchokera Meyi

Ndinayamba kosi iyi mwezi wa Meyi. Ndi yophunzira pa foni: aphunzitsi ali ku Lilongwe, phunziro amaponya pagulu la WhatsApp Lolemba, ndipo pofika Lamlungu usiku aliyense akhale atatumiza zithunzi zitatu za asayimenti ya sabata imeneyo. Poyamba paja ndinkaiyamikira kwa aliyense. Pano chimanga chafika m'mawondo, ndiye ndinene zomwe ndaona. Kosiyi ndi yabwino ndithu, koma ubwino wake wonse uli mu ma asayimenti, ndipo ma asayimenti omwewo ndi amene athawitsa anthu ambiri pagulupo.

Maphunziro enieniwo si ovuta. Aperture (kukula kwa bowo lolowetsa kuwala mu lenzi), shutter speed (nthawi yomwe kamera imatseguka kuti kuwalako kulowe) ndi ISO (mmene kamera imamvera kuwala) umazigwira m'masabata ochepa. Kabaza akuthamanga umamuimitsa pachithunzi ndi shutter speed ya 1/500 kapena 1/1000 ya sekondi, ISO ukaikweza kwambiri chithunzi chimatuluka ngati chathiridwa mchenga. Kamera yanga ndi Nikon D3200 yakaunjika, ndi lenzi yake ya 18-55mm, ndipo yakwanitsa pafupifupi chilichonse. Lenzi imeneyi ukaizuma mpaka 55mm aperture yake imathera pa f/5.6, bowolo silitseguka kwambiri, ndiye kuti kumbuyo kwa munthu kuchite chimbuuzi ndimamuimika patali ndi khoma, ine n'kumuyandikira. Zimatheka popanda kugula lenzi ina.

Chomwe chimavuta ndi dzuwa. Ma asayimenti ambiri amafuna kuwala kofewa kwa m'mamawa kapena kwa madzulo. Kuno ku Kasungu, mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, ndipo mdima sumachedwa. Munthu woweruka 5 koloko ukamafika kunyumba n'kutenga kamera, kwatha. Amatsala ndi Loweruka, koma Loweruka la kwathu kuno mukulidziwa: chinkhoswe, ukwati, kumunda, pena maliro. Chomwe chandithandiza ndi kusiya kufunafuna tsiku lapadera lojambula. Kamera imakhala m'chikwama popita kuntchito, ndipo zithunzi zanga zambiri zabwino ndi za pakati pa 5:30 ndi 6:30 m'mawa, amayi akutsitsa mabasiketi a tomato pamsika. Seputembala ndi Okutobala anabwera ndi zake. Fumbi ndi utsi wa moto wa tchire zinkachititsa kuti phiri la Kasungu lizituluka lotumbuluka pachithunzi chilichonse, moti asayimenti ya malo ndinakaibwereza mvula itatsuka mlengalenga.

Sabata yomwe inagwetsa anthu ambiri ndi ya kujambula munthu amene sukumudziwa. Izi n'zosavuta kuzilemba pafoni uli ku Lilongwe. Ukangoloza kamera pamsika, funso loyamba ndi lakuti, "Achimwene, mukufuna mukatigulitse kuti?" Ine ndimayamba ndi kugula kaye, kupereka moni, kenako: "Mayi, ndili pasukulu ya zojambula, mungalole ndikujambuleni?" Akalola ndimawaonetsa chithunzicho pakamera pomwepo, ndipo ndikatsukitsa kamodzi ku situdiyo n'kuwapatsa, ulendo wina amandiitanira anzawo okha. Ku Chinkhoma nthawi ya okushoni ndinajambula bambo wina atakhala pa belo la fodya wake, manja ali bii, maso ali kumsewu kudikira lole. Ndicho chithunzi chomwe ndimachinyadira. Gule Wamkulu ndi nkhani ina. Popanda chilolezo cha amfumu ndi eni dambwe, kamera isatuluke m'chikwama, asayimenti kaya ichedwe.

Asayimenti ya nyama zakutchire inandiseketsa. Pagulu anati ine ndiye ndili ndi mwayi, poti Kasungu National Park ili pakhomo ndipo mu 2022 anabweretsamo njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Zoona, koma kukafika ku damu la Lifupa pamafunika galimoto, ndipo ndi 55mm njovu yomwe ili patali bwino imaoneka kadontho. Yoyandikira kuti idzaze chithunzi ine ayi. Ndinajambula akakowa akutsatira ng'ombe kudambo, aphunzitsi analandira.

Chomwe sindinkachiwerengera ndi ntchito ya pambuyo pojambula. D3200 ilibe WiFi, ndiye memori khadi imalowa mu kadi rida ya OTG (yolumikiza ku foni), zithunzi n'kupita pafoni, kusankha zitatu pa mulu wonsewo, kukonza pang'ono pa apu ya Snapseed. Kusankhako ndi komwe kumadya Lamlungu lonse. Potumiza, chithunzi chipite ngati document, chifukwa chikapita mwachizolowezi WhatsApp imachifinya n'kuchotsa EXIF (uthenga wa mmene kamera inatcheredwera womwe umasungidwa mu chithunzicho), ndipo aphunzitsi saona kuti unajambula ndi shutter yanji. Koma kamerayi ndi ya 24 megapixel, mafayilo ake ndi olemera, bandulo imamva. Batire yachiwiri gulani msanga, magetsi sayang'ana kuti lero ndi tsiku lomaliza.

Dandaulo langa pa kosiyi ndi ndemanga. Miyezi yoyamba aphunzitsi ankalongosola chithunzi chilichonse, kuti apa dzuwa lawotcha chipumi, apa wadula mapazi. Kenako ndemanga zinafupika, zina n'kumafika patatha milungu iwiri, asayimenti ina itadutsa kale. Anzathu pagulu nawo ndi "zili bho bwana" basi, zomwe sizikonza chithunzi.

Amene mukufuna kulowa, foni yabwino ikukwanirani m'miyezi yoyamba. Sabata ikakudutsani musayese kubweza ngongole, pitani pa asayimenti yomwe ilipo, poti onse omwe ndawaona akuunjika zotsalira anatsanzika. Gawo lachiwiri, la kujambula usiku ndi fulashi, likuyamba Febuluwale. Ndalembetsa, ndipo ndapempha kuti tsiku lomaliza kutumiza lizikhala Lachiwiri m'malo mwa Lamlungu. Aphunzitsi sanayankhebe.