Bokosi la zipangizo zopangira zokongoletsa za Khirisimasi: zinthu zabwino, malangizo operewera

Chaka chikamapita kumapeto, ogulitsa zipangizo za luso la manja amatulutsa mabokosi amene amalonjeza kuti munthu angathe kudzipangira zokongoletsa za Khirisimasi popanda kukafuna chinthu china kwina. Bokosi limene ndikuunika pano ndi limodzi mwa amenewo, ndipo linakonzedwera luso lophatikiza zinthu zosiyanasiyana pa chokongoletsa chimodzi, monga utoto, mapepala, dongo, nsalu ndi mikanda. M'kati mwake muli timatabwa ta MDF todulidwa ngati nyenyezi, belu ndi mtengo wa Khirisimasi, mipira ya pulasitiki yoonekera mkati imene imatseguka pakati, mipira yoyera ya polystyrene (pulasitiki yopepuka yonga thovu), gesso (chopaka choyera choyambira utoto usanapakidwe), utoto wa acrylic, texture paste (phala lokhuthala lopangira zithunzi zotukuka), stencil (chikombole chophwatalala chobooledwa zithunzi), mapepala okhala ndi zithunzi, dongo louma lokha popanda kuwotcha, maliboni, mikanda, glitter (tizidutswa tonyezimira), guluu, maburashi, timagetsi ta batire ndi kapepala ka malangizo. Zambiri mwa zinthuzi ndi zabwino ndithu, koma luso lotereli limadalira kudziwa chimene chimagwirana ndi chinzake komanso chimene chiyenera kuyamba, ndipo pa mfundo imeneyi ndi pamene bokosili limamusiya wogula ali yekha.

Timatabwa ta MDF ndito tandisangalatsa kwambiri. Tinadulidwa mwaukhondo, timabowo topisamo chingwe tilipo kale, ndipo ndi tokhuthala mokwanira kuti tisapindike tikapakidwa zinthu zonyowa. Popeza tinadulidwa ndi laser, m'mphepete mwake ndi mwakuda ndipo muli mwaye wochepa umene umadetsa utoto woyera ngati sunapukutidwe kaye ndi kansalu. MDF imapangidwa ndi ulusi wa mitengo wopanikizidwa pamodzi ndi zomatira, choncho imamwa madzi makamaka m'mbali, ndipo n'chifukwa chake kumakhala kwanzeru kupaka gesso mbali zonse ziwiri, ngakhale mbali imene siidzaoneka, kuti thabwa liume mofanana.

Gesso wa m'bokosili ndi wabwino kuposa momwe ndinkayembekezera. Amene sanagwiritsepo ntchito gesso angamuyese utoto woyera wamba, koma ntchito yake ndi ina: amatseka pamwamba pa chinthu kuti pasamwe utoto mopambanitsa, kwinaku akusiya kukhakhala pang'ono kumene utoto ndi guluu zimagwirapo. Akatswiri ojambula akale ankamupanga ndi choko kapena gypsum wosakaniza ndi guluu wochokera ku zikopa za nyama, ndipo ankayenera pa matabwa olimba okha chifukwa ankang'ambika akapindidwa. Wa masiku ano wa acrylic anatulutsidwa mu 1955 ndi kampani ya Henry Levison pansi pa dzina la Liquitex, ndipo kufewa kwake akauma n'kumene kumachititsa kuti apakike pa thabwa, pa nsalu ndi pa polystyrene mofanana. Wa m'bokosi lino ndi wokhuthala, amaphimba mdima wa MDF akapakidwa kawiri, ndipo sasiya ufa m'manja akauma. Chodandaulitsa ndi kuchepa kwake, chifukwa aliyense amene angatsatire mwambo wopaka mbali zonse adzapeza kuti kabotolo katha mipira ya polystyrene isanafikidwe. Utoto wa acrylic ndi wapakatikati: wofiira ndi wobiriwira umaphimba bwino, pamene wagolide ndi wopyapyala ndipo umaoneka bwino pokhapokha pansi pake patayamba kupakidwa mtundu wakuda kapena wofiirira.

Vuto lalikulu la bokosili ndi guluu. Muli botolo limodzi lokha la guluu woyera wa PVA, ndipo kapepala ka malangizo kamalankhula ngati ameneyo amata chilichonse. Guluu wa PVA amagwira madzi ake akauma, choncho amafuna kuti mbali imodzi mwa ziwiri zomatidwazo ikhale yomwa madzi, monga pepala, thabwa kapena nsalu. Pa MDF ndi pa mapepala amagwira ntchito yake mosakayikitsa. Koma pa mpira wa pulasitiki wosalala, kapena pa kabelu kachitsulo ndi mikanda yagalasi, amauma mochedwa kwambiri, ndipo akauma amasendeka yense ngati khungu lopyapyala, zomatidwazo n'kugwa. Wogula amene akuyamba kumene angaganize kuti manja ake ndi amene alephera, chonsecho wapatsidwa chomatira chosayenera ntchitoyo.

Munthu akaona zimenezi amathamangira guluu wamphamvu, ndipo apa pali msampha wina umene malangizowo sautchula n'komwe. Guluu wonunkha kwambiri, wokhala ndi zosungunula monga acetone kapena toluene, amadya polystyrene mpaka mpira kubooka, ndipo utoto wambiri wopopera umachita chimodzimodzi. Guluu wotentha, amene amasungunulidwa ndi kachipangizo kamagetsi, ndi wothandiza pa mikanda ndi maliboni, koma kachipangizo kotentha kwambiri kamafika pafupifupi madigiri 190, ndipo kotentha pang'ono kamakhala cha m'ma 120, pamene polystyrene amayamba kufewa cha m'ma 100. Njira yabwino ndi kuika guluuyo pa chinthu chimene mukufuna kumata, kudikira kanthawi kuti azizireko, kenaka n'kukanikiza pa mpira umene wapakidwa kale gesso. Pa mipira yoonekera mkati ija, kukwecha pang'ono ndi sandipepa wosalala pamalo pomatapo kumathandiza kwambiri. Zonsezi zikanakwana m'mizere inayi kapena isanu ya kapepala kaja, ndipo kusowa kwake sindikuona ngati cholakwika chaching'ono, chifukwa bokosi lomwelo ndi limene laika pulasitiki, polystyrene ndi chitsulo m'manja mwa wogula.

Mapepala okhala ndi zithunzi ndi amitundu iwiri. Pali okhuthala, amene ali ndi manotsi a nyimbo, zilembo zachikale ndi masamba a mtengo wa holly, ndipo pali timapepala tofewa topukutira pakamwa timene timagwiritsidwa ntchito pa découpage, luso lomata zithunzi zodulidwa n'kuzikuta ndi vanishi mpaka zioneke ngati zojambulidwa pomwepo. Okhuthalawo amagona bwino pa thabwa, koma pa mpira amachita makwinya pokhapokha atang'ambidwa tizidutswa ting'onoting'ono. Kung'amba kumaposa kudula ndi sizasi, popeza mphepete yong'ambika imazimirira mu utoto pamene yodulidwa imaoneka mzere. Timapepala tofewato tili ndi magawo atatu, ndipo awiri oyera a pansi ayenera kusendedwa kuti patsale lapamwamba lokha lokhala ndi chithunzi. Gawo limeneli ndi lopyapyala moti mtundu wa pansi umaonekera, ndiye pansi payenera kukhala poyera. Likanyowa limang'ambika msanga, choncho burashi iyenera kukhala yofewa ndipo iyende kuchokera pakati kupita m'mbali kamodzi kokha. Guluu wa PVA wothiridwa madzi pang'ono amatha kugwira ntchitoyi, koma amasiya pamwamba pomata nyengo ikakhala ya chinyezi. Amene akufuna zotsatira zodalirika angachite bwino kugula padera chomatira chopangidwira découpage, monga Mod Podge, chimene Jan Wetstone anatulukira mu 1967 ndipo chimagwira ntchito ya guluu ndi ya vanishi pamodzi. M'bokosili mulibe vanishi wamtundu uliwonse, zimene n'zodabwitsa pa zinthu zoti zizisungidwa chaka ndi chaka.

Texture paste ndi stencil ndi zimene zimapatsa chokongoletsa maonekedwe osiyana ndi chogula m'sitolo, ndipo ziwirizi sindinazipezere chifukwa. Mukaika stencil pa nyenyezi yopakidwa gesso n'kupaka texture paste ndi kachitsulo kophwatalala kapena khadi lakale la pulasitiki, pamatsala zithunzi zotukuka zimene zikauma zimalandira utoto bwino kwambiri. Kupaka utoto wakuda wamadzimadzi kuti ulowe m'mipata, kuupukuta usanaume, kenaka n'kudutsitsa wagolide pamwamba ndi burashi youma, kumatulutsa chinthu chooneka ngati chitsulo chakale. Stencil iyenera kutsukidwa nthawi yomweyo, chifukwa paste akaumirapo timabowo timatsekeka. Koma apanso malangizo asokoneza ndondomeko, pakuti zithunzi zake zikuonetsa mapepala, paste, utoto ndi mikanda zikuikidwa motsatizana ngati ntchito ya madzulo amodzi. Utoto wa acrylic wopakidwa mopyapyala umauma pamwamba m'mphindi 20 kapena 30, koma paste wokhuthala amafuna maola angapo, nthawi zina usiku wonse, ndipo akapakidwa utoto mkati mwake muli mosauma amang'ambika kapena kuphwanyika. Ndondomeko imene imagwira ntchito ndi kuyamba ndi gesso, kenaka mapepala, paste, utoto ndi vanishi, ndipo zolemera monga mikanda ndi timabelu zibwere pomaliza, chilichonse chikuyembekezera kuti chinzake chiume.

Dongo louma lokha ndi lofewa, silimata m'manja, ndipo limalandira bwino chidindo cha tsamba kapena cha nsalu ya leisi. Limafuna maola 24 mpaka 72 kuti liume malinga ndi kukhuthala kwake ndi nyengo, ndipo limachepa pang'ono pouma, zimene zimalipinditsa ngati silikutembenuzidwa. Kukhuthala kwa mamilimita asanu kumakwanira, pakuti chopyapyala kuposa apo chimathyoka ndipo chokhuthala kwambiri chimalemera mpaka kugwetsa nthambi ya mtengo. Bowo la chingwe libooledwe dongo likadali lonyowa. Dongoli silipirira madzi ngakhale litauma, ndiye kusowa kwa vanishi kuja kumalikhudza kwambiri.

Mipira ya pulasitiki yoonekera mkati siingafanane ndi ya galasi, imene inayamba kupangidwa ndi amisiri a m'tauni ya Lauscha ku Germany m'zaka za m'ma 1840 ndipo inafalikira ku America pamene wamalonda F. W. Woolworth anayamba kuigulitsa mu 1880. Kuwala kwake n'kochepa ndipo mzere wa pamene magawo awiri amakumana umaoneka, ngakhale ungabisidwe ndi liboni yopyapyala. Ubwino wake ndi woti siisweka ikagwa, ndipo popeza imatseguka, mkati mwake mungaikemo kachithunzi, kamtengo kadongo kapena timagetsi.

Pa glitter ndili ndi chikaiko chenicheni. Wa m'bokosili ndi womwazika, wa pulasitiki, ndipo ali m'timatumba timene tikatsegulidwa sititsekekanso. Glitter wotere amapangidwa ndi pulasitiki yopyapyala yokutidwa ndi aluminiyamu, ndipo ali m'gulu la tizidutswa ta pulasitiki tosafika mamilimita asanu timene timapita m'madzi munthu akamatsuka manja ndi maburashi. Bungwe la European Union linaletsa kugulitsa glitter womwazika wa pulasitiki wosawola kuyambira pa 17 October 2023, ndipo alipo wina wopangidwa ndi cellulose, wochokera ku zomera, amene akanaikidwa m'malo mwake. Amene asankha kumugwiritsa ntchito amusakanize ndi guluu kapena vanishi m'kambale asanapake, chifukwa akatero samwazika ndipo sayoyoka chokongoletsa chikauma. Maburashi ndi otsika ndipo amathothoka ubweya umene umatsalira mu gesso, pamene maliboni ndi mikanda ndi zokwanira ndipo mitundu yake imagwirizana ndi mapepala.

Timagetsi ta LED tili pa waya wopyapyala wa kopa, timawala bwino, ndipo sititentha, zimene n'zofunika pa chokongoletsa cha mapepala ndi polystyrene. Timayendera mabatire a CR2032, aja ozungulira ngati ndalama yachitsulo, a mavoti atatu, ndipo kabokosi kake kamatseguka ndi chala popanda sikuluu. Batire yotere mwana akaimeza n'kukakamira kummero imatha kuwotcha mnofu m'maola awiri okha, ndipo n'chifukwa chake dziko la United States linakhazikitsa lamulo lotchedwa Reese's Law mu 2022 lofuna kuti malo oikamo mabatirewa akhale ovuta kuti mwana atsegule. Pa chivundikiro cha bokosili pali chithunzi cha banja likugwira ntchito pamodzi ndi ana, koma chenjezo la mabatire lalembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono kumbuyo. M'nyumba mmene muli ana aang'ono kabokosi ka mabatire kakulungidwe ndi tepi wolimba, ndipo mikanda nayo ikhale patali.

Munthu amene anayamba wagwirapo ntchito ndi gesso ndi découpage adzapindula ndi bokosili, popeza adzadziwa yekha zoti awonjezere ndipo adzapeza timatabwa, mapepala ndi stencil zoyenererana popanda kuzisaka chimodzichimodzi. Woyamba kumene angaligule, koma agulirenso vanishi wa acrylic, chomatira cha découpage, kachipangizo ka guluu kotentha pang'ono ndi burashi imodzi yabwino yophwatalala, ndipo ayambe ndi nyenyezi ya thabwa, mipira ya polystyrene ndi ya pulasitiki n'kuisiyira pambuyo. Ntchitoyo aiyambe Khirisimasi ikadali patali, chifukwa acrylic ndi vanishi zimauma pamwamba msanga koma zimatenga masabata kuti zilimbe kotheratu, ndipo zokongoletsa zikasanjikizidwa nthawi imeneyo isanakwane zimamatirirana n'kusendana utoto. Posunga, chilichonse chikulungidwe pachokha m'pepala losamata, pamalo ouma, mabatire atachotsedwa.