MCP4725 ndi laibulale ya Adafruit pa pampu ya madzi: zimene zaoneka patapita miyezi

M'bokosi la pampu ya madzi ku Chirimba muli MCP4725, chip yosandutsa nambala kukhala voltage, imene yagwira ntchito kuyambira nyengo ya chiperoni, kudutsa kutentha kwa Okutobala mpaka mvula yayamba. Arduino Nano, kakompyuta kakang'ono koyendetsa zonse, imawerenga mlingo wa madzi m'thanki n'kutumiza nambala, ndipo MCP4725 imasandutsa nambalayo kukhala voltage youza VFD (chipangizo chosintha liwiro la mota) liwiro loyendetsera motayo. Chip yeniyeniyo sinavutepo. Zonse zimene zalakwika zachokera pa zinthu zimene laibulale ya Adafruit (code yolembedwa kale yolankhulira ndi chipyi) simakuuzani, chifukwa ndi yaing'ono kwambiri moti munthu amaganiza kuti palibenso chofunika kudziwa.

MCP4725 ndi ya kampani ya Microchip, ili ndi ma bit 12, ndiye imalandira manambala kuyambira 0 mpaka 4095. Pa 5 V sitepe imodzi ndi 1.22 mV. Yerekezani ndi analogWrite ya Nano, imene si voltage yokhazikika ayi koma PWM (magetsi oyaka ndi kuzima mofulumira) ya 490 Hz pa mapini ambiri, ya masitepe 256 okha. Mawaya ndi ochepa: awiri a I2C, njira imene Nano imalankhulira ndi chip (SDA ku A4, SCL ku A5), kenako VDD ya magetsi odyetsera ndi GND. Laibulale ya Adafruit_MCP4725 imafuna ina ya Adafruit BusIO, ndipo mumagwiritsa ntchito malamulo awiri basi, begin ndi setVoltage.

Za adiresi, nambala imene chip imayankhira pa I2C, tisatayepo nthawi. Bolodi la Adafruit limayankha pa 0x62, la SparkFun pa 0x60, ndipo timabolodi topanda dzina timabwera ndi iliyonse kuyambira 0x60 mpaka 0x67 malinga ndi mtundu wa chip ndi mmene mwendo wake wa A0 walumikizidwira. Yendetsani kapulogalamu kofufuza maadiresi a I2C musanalembe china chilichonse, ndipo muziona zimene begin yabweza.

Nkhani yaikulu ndi magetsi odyetsera. MCP4725 ilibe reference (voltage yokhazikika yoyezera) yakeyake, imayezera pa VDD. Nambala 2048 sitanthauza 2.5 V, imatanthauza theka la chilichonse chimene chili pa VDD nthawi imeneyo. Mukadyetsa Nano ndi chaja ya foni imene ikupereka 5.1 V, mupeza 2.55 V. Ikatsika kufika 4.75 V chifukwa relay yayaka kapena bokosi latentha masana, mupeza pafupifupi 2.38 V pa nambala yomweyo. Kusiyana kumeneku kukuposa masitepe 130, ndiye ma bit 12 munagula aja apita pachabe. Pa pampu zimaoneka ngati mota ikusintha liwiro yokha, ndipo munthu amathamangira kukayikira code pomwe mulibe vuto.

Chimene chathetsa zimenezi ndi kudyetsa MCP4725 kudzera pa MCP1541, reference ya 4.096 V. Imafuna 4.3 V kapena kuposerapo polowera, komanso capacitor ya pakati pa 1 µF ndi 10 µF potulukira. Ya 4.7 µF pamodzi ndi ya 0.1 µF pafupi ndi mwendo wa VDD zikukwanira. Ubwino wake ngwakuti sitepe imodzi imakhala 1 mV ndendende, masamu n'kuphweka. Koma chenjerani: MCP1541 imapereka 2 mA yokha, ndipo ma pull-up a pa kabolodi (ma resistor okokera SDA ndi SCL m'mwamba) amakoka pa VDD yomweyo. Awiri a 4.7 kΩ amadya pafupifupi 1.7 mA mizere yonse ikakhala pansi, chip nayo imadya cha m'ma 0.2 mA, ndiye mwafika kale pa malire. Achotseni muikepo a 10 kΩ.

VFD imafuna 0 mpaka 10 V, choncho pakati pamafunika op-amp, chip yochulukitsa voltage. LM358 yokhala ndi resistor ya 15 kΩ ndi ya 10 kΩ imachulukitsa ndi 2.5, ndipo nambala 4000 imapereka 10 V. Gulani ma resistor a 1%. Musaidyetse ndi batire ya 12 V. LM358 imalekezera pafupifupi 1.5 V pansi pa magetsi ake, ndiye batire ikangotsika pang'ono madzulo, pampu sifikanso pa liwiro lonse ngakhale nambala ili yolondola. Ipatseni 15 V kapena 24 V, imapirira mpaka 32 V. Potulukira ikani resistor ya 100 Ω kuti waya wautali asaichititse kunjenjemera.

Tsopano EEPROM, malo a mu chip osunga nambala ngakhale magetsi atazima, imene kuno ku Blantyre si nkhani yaing'ono poti magetsi amazimazima. Chip ikayaka imatenga nambala ya mu EEPROM n'kuitulutsa nthawi yomweyo, Nano isanadzuke n'komwe. Kuchokera ku fakitale nambalayo ndi 2048, theka. Ngati VFD yaikidwa kuti iziyamba yokha magetsi akabwera, pampu imanyamuka pa theka la liwiro, cha m'ma 25 Hz, mpaka Nano italankhula. Nano ikakanika kudzuka, pampu imangopitirira choncho, thanki n'kusefukira kapena mota n'kuyenda popanda madzi. Mankhwala ake ndi kulemba 0 mu EEPROM kamodzi kokha, poika true ngati chinthu chachiwiri mu setVoltage. Chitani zimenezi pa tebulo ndi kapulogalamu kapadera, musanatsekere bokosi.

Ameneyo ndiye true yekhayo woyenera kupezeka. M'pulogalamu ya tsiku ndi tsiku muzikhala false. Datasheet, chikalata cha Microchip chofotokoza chipyi, imati EEPROM imapirira kulembedwa pafupifupi ka 1,000,000, ndipo kulemba kamodzi pa sekondi kumamaliza chiwerengero chimenechi masiku 12 asanakwane. Kuwonjezera apo, kulemba kumodzi kumatenga 25 ms, mwina mpaka 50 ms, ndipo pa nthawiyo chip imanyalanyaza lamulo lililonse latsopano lolemba. Laibulale ya Adafruit sidikira kuti chip imalize, choncho manambala ena amangosowa mwakachetechete.

Palinso china chimene ambiri sanachiwerenge. VDD ikamakwera pang'onopang'ono, pansi pa 1 V pa millisecond, chip ikhoza kulephera kutenga nambala ya mu EEPROM. Zimenezi zimachitika pa magetsi okhala ndi ma capacitor akuluakulu, komanso magetsi akabwera mofooka. Microchip imalangiza kutumiza General Call Reset mukangoyatsa: baiti 0x06 ku adiresi 0x00. Laibulale ilibe lamulo limeneli, mumalilemba nokha ndi Wire m'mizere itatu, ndipo n'loyenera kukhala mu setup ya aliyense. Dziwani kuti zipangizo zina pa mawaya omwewo zikhoza kulimveranso.

setVoltage siyang'ana kukula kwa nambala. Imaigawa ndi 16 n'kuika zotsatira mu baiti imodzi, ndiye 4096 imasanduka 0. Masamu anu akangodutsa malire ndi sitepe imodzi, pampu imene imayenera kuthamanga kwambiri imaima. Ikani constrain, lamulo loletsa nambala kudutsa malire, musanatumize.

Vuto limene latenga nthawi kuti lidziwike ndi kuuma kwa Nano. VFD imatulutsa phokoso lambiri la magetsi, ndipo I2C anaipangira zinthu zoyandikana pa bolodi, malire ake ndi 400 pF. Phokoso likasokoneza uthenga pakati, laibulale ya Wire imadikira mpaka kalekale, pomwe MCP4725 ikugwirabe nambala yomaliza. Pampu imayendabe, ndipo palibe amene amadziwa kuti woiyendetsa waleka kuganiza. Kuyambira pa Arduino AVR core 1.8.3 kuli Wire.setWireTimeout, koma simayaka yokha. Ipatseni 25000 ndi true, yatsani watchdog (imene imayambitsanso Nano ikauma), ndipo setVoltage ikabweza false kangapo motsatizana, zimitsani VFD kudzera pa relay. Chinthu chachitatu mu setVoltage ndi liwiro la I2C. Mukapanda kulemba chimakhala 400000, koma ndi ma pull-up a 10 kΩ ikani 100000. Laibulale ikamaliza kutumiza imabwezera liwiro pa 100 kHz, zimene zimachedwetsa sikirini ya OLED ngati ili pa mawaya omwewo.

Mawaya a SDA ndi SCL asapitirire masentimita 20 kapena 30. Mtunda wautali uyendedwe ndi 0 mpaka 10 V ija, pa waya wopota wokhala ndi shield yolumikizidwa mbali imodzi, kutali ndi mawaya a mota. Timawaya tobaya pa breadboard sitipirira chinyezi cha chiperoni ndi fumbi la chilimwe, timachita dzimbiri n'kumagwira mwa apo ndi apo. Wotchererani zonse. Kutentha kwa m'bokosi sikuopsa chip, inapangidwira mpaka 125 °C.

Kwa ophunzira a ku yunivesite ya MUBAS ndi ena ofuna kupanga mafunde a sine, malire ndi awa: uthenga uliwonse wa laibulaleyi ndi mabaiti anayi, pafupifupi 90 µs pa 400 kHz. Ndi mfundo 32 pa funde limodzi simungadutse 350 Hz, ndipo Nano imadyanso nthawi yake. Pa 50 Hz ndi yabwino, pa nyimbo ayi. Pamenepo tengani MCP4921 ya SPI (njira ina yolumikizirana, yofulumira kuposa I2C), imene ilinso ndi mwendo wakewake wa reference. Ogwiritsa ntchito bolodi la ESP32 m'malo mwa Nano akumbukire kuti MCP4725 ya pa 5 V imafuna 3.5 V kuti ione 1, pomwe ESP32 ndi ya 3.3 V ndipo mapini ake salola 5 V, choncho pamafunika level shifter (kachipangizo kogwirizanitsa 3.3 V ndi 5 V) kapena kudyetsa zonse ndi 3.3 V.

Pa ntchito ngati ya pampuyi MCP4725 ndi yoyenera kugulidwanso, laibulale nayo ikhalebe. Koma ngati mukuyamba kumene ndipo mukufuna ma channel awiri kapena kuposa, MCP4728 ili ndi anayi komanso reference ya 2.048 V m'kati mwake, ndiye MCP1541 ndi kusintha ma pull-up kuja sizifunikanso.