LM358 kapena LM393 potembenuza voteji, mugule iti?

Anzanga okonza ma sola ndi ma amp ku Ndirande akungondifunsabe zomwezi, ndiye ndiyankhe kamodzi pano.

Tima IC tiwiriti pamaso ndi mapasa, miyendo 8, pin 8 moto, pin 4 ground, nde ogulitsa ena ku Limbe 358 ikawathera amangokupatsira 393 nkumati "ndi chimodzimodzi bwana". Ine anandipanga zimenezi ndipo mpaka pano zimandiwawa, chifukwa imalowa bwinobwino pa board koma ntchito yake ndi ina.

LM393 ndi comparator, yofananitsa ma voteji awiri, imangodziwa eya kapena ayi basi. Siginolo pa pin 2, reference (voteji yofananitsira) pa pin 3, siginolo ikapitirira reference output imagwera pansi. Pa nyale ya LDR (resistor yomva kuwala) yoyaka yokha kukada imagwira bwino zedi. Koma output yake ndi open collector, payokha siikwera, pamafunika resistor ya 10k kuchoka pin 1 kupita ku moto, kupanda apo muziona ngati yapsa.

Tsono ngati mukufuna voteji yotuluka izitsika pang'onopang'ono pamene yolowa ikukwera, 1V itulutse 4V, 4V itulutse 1V, 393 isiyeni, apa mpa LM358, yomwe ndi op-amp, ka amp kokulitsa siginolo. Ma resistor awiri ofanana, ina kuchoka ku siginolo kupita pin 2, ina kuchoka pin 1 kubwerera pin 2, kenako 2.5V pa pin 3. Koma pali msampha omwe ogulitsa sakuuzani, 358 siifika pamwamba, imatsalira ndi pafupifupi 1.5V, ndiye mukaipatsa 5V ya chaja output imakakamira cha pa 3.5V ndipo 4V ija simudzaiona olo musinthe ma resistor tsiku lonse. Ipatseni 12V ya batire vuto latha. Pansinso siifika pa ziro penipeni ma resistor akakhala ang'ono, ine ndimaika a 100k. Op-amp ina, MCP6002, imafika mbali zonse pa 5V, koma imeneyo pa 12V imapsa.

Op-amp ya 741 musatayirepo ndalama, imafuna moto wa plus ndi minus. Pa nyimbo 358 imaipitsa mawu, tengani TL072.

Ine mtima wanga uli pa 358, ikhoza kugwirako ntchito ya comparator pa zinthu zosathamanga ngati LDR, pomwe 393 kuisandutsa amp ndi chintchito. Ngati ndalama ikukwana imodzi tengani 358, ndipo nambala muwerenge nokha musanalipire.