Kliniki ya Loweruka ya dokotala wa opaleshoni kuno ku Zomba: zomwe tinapeza ndi amayi anga

Kuno ku Zomba kuli chipatala china cha pulaiveti chomwe chimabweretsa dokotala wamkulu wa opaleshoni kuchokera ku Blantyre Loweruka limodzi pa mwezi. Anzanga akusukulu komwe ndimaphunzitsa ndi amayi ena a kumvano akhala akundifunsa ngati ndalama yomwe amalipiritsa kumeneko ikugwirizana ndi chithandizo chake, popeza akudziwa kuti ndinapitako ndi amayi anga pa vuto la chithokomiro. Yankho langa ndi loti inde ikugwirizana, koma dziwani kuti chomwe mukulipira ndi dokotalayo basi. Zina zonse za pamalopo zikufunika kukonza. Dzina la chipatalacho sinditchula chifukwa zina mwa zomwe ndinene sizokoma.

Amayi anga amakhala ku Jali. Khosi lawo linayamba kutupa pang'onopang'ono mbali ya kumanja, ndipo kwa nthawi yaitali ankangoliphimba ndi mpango, ati silikupweteka. Zinafika poti nsima yolimba inkavuta kumeza, ndipo akagona chagada usiku ankabanika. Ndi pamene anavomera kubwera kwanga ku Chinamwali kuti tikaonane ndi adokotala.

Ndiyambe ndi zoipazo. Kulembetsa ndi pa foni, ndipo amene amayankha foniyo anandiuza mtengo wa K60,000 osanena kuti sikani ndi kuyeza magazi n'kwapadera. Pakhoma palibe pepala la mitengo, choncho ndalama ina umaimva utafika kale pawindo. Anatiuza kuti tifike m'mamawa, tinafikadi, koma manambala sanapereke. Adokotala atafika, kalondolondo yense anasokonekera: amene amadziwana ndi wa pa risepishoni ndi amene ankalowa, pamene agogo ena ochokera ku Mayaka omwe tinawapeza kale pabenchi analowa dzuwa litapendeka. Mabenchi ali panja, mthunzi ndi wochepa, ndipo kuchimbudzi kunalibe madzi tsiku lonse. Malo olipiritsa ndalama ngati imeneyi kwa anthu odwala, ambiri a iwo okalamba, sangalephere kugula timakadi ta manambala ndi chidebe cha madzi. Zimenezi zinandipweteka ndipo ndinawauza eni malowo pamaso.

Titalowa m'chipinda cha adokotala zinthu zinasintha. Iwo anaimirira, kuwapatsa amayi mpando, n'kuwalonjera: "Mwaswera bwanji amayi? Pepani mwadikira." Mafunso onse ankafunsa amayiwo, osati ine, ndipo m'Chichewa chomveka. Kabuku ka kuchipatala anakawerenga kuyambira tsamba loyamba, mpaka anapeza pomwe analemba za kuthamanga kwa magazi zaka zapitazo. Anafunsa ngati akuonda pamene akudya bwino, ngati mtima umagunda mofulumira, ngati amatuluka thukuta kwambiri kapena kunjenjemera manja, ngati mawu anasasapo. Kenako anaima kumbuyo kwawo, kuika zala pakhosi, n'kuwapatsa kapu ya madzi kuti amwe pang'ono. Anatifotokozera kuti chotupa cha chithokomiro chimakwera munthu akamameza, ndipo mpomwe amasiyanitsira ndi zotupa zina za pakhosi.

Anatenga pepala n'kujambula chithokomirocho, chooneka ngati gulugufe wotera pakholingo, phiko lina uku lina uku. Anati phiko la kumanja ndi lomwe lakula ndipo likukankha njira ya mpweya. Ine ndinali wokonzeka kumva tsiku la opaleshoni nthawi yomweyo, koma iwo anakana. Anati poyamba ayeze magazi kuti aone ngati chithokomirocho chikugwira ntchito mopyola muyeso, chifukwa kung'amba munthu ali choncho kungathe kusokoneza mtima ali pa tebulo, ndipo wotere amayamba wamwa mapiritsi kaye. Anafunanso sikani ya pakhosi. Zoopsa sanabise. Anati pafupi ndi chithokomiro pamadutsa mtsempha woyendetsa mawu, ndipo ukakhudzidwa mawu amasasa, nthawi zina osabwereranso. Anatchulanso kutaya magazi m'kati mwa bala usiku woyamba. Amayi anafunsa kuti, "Nanga adokotala, kwaya ndidzaimbanso?" Iwo anayankha kuti, "Amayi, sindingakulonjezeni kotheratu, koma mtsempha umenewo ndimaufufuza ndi kuuona ndi maso ndisanadule chilichonse." Amayi anatuluka atakhazikika mtima kuposa mmene analowera, ngakhale anali atamva zinthu zoopsa.

Pa chidindo chomwe anadinda m'kabuku munali zilembo FCS ECSA kumapeto kwa dzina lawo. Nditafunsa tanthauzo lake paulendo wobwereza, anati ndi umboni woti anamaliza maphunziro a ukatswiri pansi pa COSECSA, bungwe la madokotala a opaleshoni a kum'mawa, pakati ndi kummwera kwa Africa. Apa ndikhalitsapo, chifukwa zomwe ndinapeza nditafufuza za bungweli ndi anthu olitsogolera zinandithandiza kumvetsa chifukwa chake adokotalawa anatisamala motero.

COSECSA inakhazikitsidwa mu 1999 ndipo likulu lake lili ku Arusha m'dziko la Tanzania. Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe ali m'bungweli, pamodzi ndi Zambia, Zimbabwe, Mozambique, Kenya, Uganda, Ethiopia, Rwanda ndi ena. Chosiyana ndi yunivesite n'choti bungweli lilibe makalasi akeake. Dokotala amene wamaliza digiri yake yoyamba amaphunzira akugwira ntchito m'chipatala chomwe bungweli lachivomereza, pansi pa akuluakulu a ntchitoyi, n'kumalemba opaleshoni iliyonse yomwe wachita kapena kuthandizira. Gawo loyamba, la MCS, ndi la zaka 2. Akakhoza amapitiriza zaka zina zosachepera 3 pa nthambi yomwe wasankha, kaya ya mafupa, ya ana, ya ubongo kapena opaleshoni ya matenda osiyanasiyana, ndipo pamapeto pake amayesedwa pamaso ndi akatswiri ochokera m'mayiko ena. Kuyambira 2007 bungweli lakhala likugwira ntchito limodzi ndi Royal College of Surgeons in Ireland pa maphunziro ndi mayeso.

Tsono taonani anthu omwe akhalapo pampando wa pulezidenti wa bungweli. Pulofesa Miliard Derbew wa ku Ethiopia, yemwe anakhalapo pulezidenti wa bungweli, ndi katswiri wa opaleshoni ya ana wa pa yunivesite ya Addis Ababa, ndipo pambuyo pake anakatsogolera chipatala cha King Faisal ku Kigali. Pulofesa Pankaj Jani ndi wa pa yunivesite ya Nairobi. Pulofesa Godfrey Muguti ndi wa pa yunivesite ya Zimbabwe ku Harare. Dr Jane Fualal wa ku Uganda, mayi woyamba kukhala pulezidenti wa COSECSA, wagwira ntchito zaka zambiri pa chipatala cha boma cha Mulago ku Kampala, ndipo amadziwika ndi opaleshoni ya mabere ndi ya chithokomiro chomwechi. Nditawauza amayi kuti bungwe lomwe linayesa dokotala wawo linatsogoleredwapo ndi mzimayi wodula zithokomiro, anaseka ndi chimwemwe n'kuuza aliyense wobwera kudzawazonda. Onsewa ndi anthu a m'zipatala zazikulu zophunzitsira za mu Africa muno, za mizere yaitali ndi zipangizo zoperewera. Anafika pa utsogoleri atatha zaka ku thiyeta ndi kuwodi.

Kwathu kuno dzina lomwe ambiri timalidziwa ndi la Pulofesa Eric Borgstein, katswiri wa opaleshoni ya ana pa chipatala cha Queen Elizabeth, yemwenso wakhala pakati pa atsogoleri a COSECSA kwa zaka zambiri. Makolo awo anali madokotala ochokera ku Netherlands omwe anagwira ntchito pa Queens pomwepo, bambo a opaleshoni ndipo mayi a matenda a ana. Chipatala cha ana cha Mercy James, chomwe chinatsegulidwa mu 2017 ndi thandizo la Madonna, chinamangidwa pozungulira ntchito yomwe iwo anali ataichita kale kwa nthawi yaitali. Palinso Pulofesa Chris Lavy wa ku Britain, katswiri wa mafupa, amene anali pakati pa oyambitsa COSECSA ali kuno ku Malawi, komanso anatsogolera kukhazikitsidwa kwa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre chomwe chinatsegulidwa mu 2002. Pulofesa Nyengo Mkandawire, nawonso a mafupa, anaphunzira ku Australia ndi ku Britain n'kubwerera kudzatsogolera nthambi ya opaleshoni pa College of Medicine. Pulofesa Wakisa Mulwafu anakaphunzira ukatswiri wa makutu, mphuno ndi khosi ku Cape Town n'kubwerera pa nthawi yomwe ntchitoyi inalibiretu eni ake m'dziko muno. College of Medicine yeniyeniyo inatsegulidwa mu 1991, ndipo kuyambira 2021 ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. College of Medicine isanatsegulidwe, mwana wa Mmalawi wofuna udokotala ankayenera kupita kunja, ndipo ambiri ankakhazikika konko. Ubwino wa njira ya COSECSA ndi woti munthu amaphunzira ali kwawo, ndipo ambiri omaliza amatsalira m'mayiko awo.

Mwina wina anena kuti mbiri ya akuluakulu a ku Arusha ikukhudzana bwanji ndi khosi la mayi wa ku Jali. Ine ndinaona kukhudzana kwake zotsatira za magazi ndi sikani zitabwera. Magazi anali bwino, ndipo phiko la kumanzere linalibe vuto. Adokotala anati achotsa mbali ya kumanja yokha. Anafotokoza kuti akachotsa chithokomiro chonse munthu amamwa piritsi tsiku lililonse moyo wake wonse ndi kumayezetsa magazi pafupipafupi, ndipo anafunsa amayi kuti kuchokera kwawo kufika pomwe angapeze mankhwala otere ndi mtunda wotani, nanga nthawi ya mvula msewu umakhala bwanji. Anati pamene matenda akulola kusiya mbali imodzi, kuisiya n'kwanzeru, makamaka kwa munthu wa kumudzi. Anafunsanso kuti gadiyani adzakhala ndani, ndi kuti pali achibale angati omwe angapereke magazi atafunika. Mafunso amenewa ndi a munthu amene anaphunzira ntchito m'zipatala zathu zomwezi, pansi pa aphunzitsi omwe anaonapo wodwala akubwerera atafooka chifukwa mankhwala anamuthera kumudzi.

China chomwe ndinawalemekeza nacho n'choti anakana kuchitira opaleshoniyo pa chipatala cha pulaiveticho, ngakhale thiyeta yaing'ono ilipo ndipo eni ake akanakonda ndalamayo. Anati opaleshoni ya pakhosi imafuna wogonetsa wodziwa bwino ntchito ndi anamwino oyang'anira usiku wonse, chifukwa bala likatupa ndi magazi munthu amabanika m'kanthawi kochepa. Inachitikira ku Blantyre. Amayi anadzuka mawu ali osasa pang'ono, koma patapita masabata angapo anabwerera, ndipo pano akuimba kwaya monga kale. Chipsera chili m'khwinya la khosi moti sichioneka kwenikweni.

Poonetsa bala tinabwereranso ku kliniki ya Loweruka ija, ndipo anatilipiritsa theka. Apa panaonekanso kufooka kwa malowo. Pakati pa mwezi palibe amene ungamufunse kanthu. Bala litafiira pang'ono ndinaimba foni, wa pa risepishoni n'kungoti tidikire tsiku la adokotala. Anatithandiza ndi a clinical officer a pachipatala china chapafupi, omwe analiona n'kunena kuti likupola bwino. Zotsatira za kachidutswa komwe anatumiza ku labu kukayeza khansa zinafika pachipatala cha pulaiveti chija n'kukhala mu diloo osatiimbira, ife tili ndi nkhawa kunyumba. Mwamwayi zinali zabwino. Adokotala atamva anakwiya, ndipo anamulankhula wa pa risepishoni ife tikumva.

Ndinene pano kuti sindikunyoza ma clinical officer potamanda katswiriyu. M'zipatala za m'maboma ndi iwowa amene amachita opaleshoni zambiri, za amayi oyembekezera ndi zina, ndipo a mafupa akhala akuphunzitsidwa kuno kuyambira 1985. Popanda iwo anthu akanatha. Bungwe la Lancet Commission, la akatswiri omwe anafufuza za opaleshoni padziko lonse, linanena mu 2015 kuti anthu 5 biliyoni padziko lapansi sapeza opaleshoni yotetezeka ndi yotsika mtengo pamene aifuna, ndipo linati dziko lizikhala ndi akatswiri 20 a opaleshoni, ogonetsa ndi a uchembere pa anthu 100,000 alionse. Malawi ali kutali kwambiri ndi chiwerengero chimenecho. Koma pali matenda ena, monga a amayi angawa, omwe amafunadi munthu amene anathera zaka pa ntchito imodzimodziyo.

Amene muli ndi chotupa chomwe chakhalitsa, kaya pakhosi, pabere kapena pamimba, ndipo mungathe kupeza ndalamayo, pitani mukaonane nawo. Tengani kabuku ka kuchipatala kakale ndi katsopano komwe, mankhwala onse omwe wodwala akumwa, madzi akumwa, kamba wa tsiku lonse ndi ambulera, ndiponso ndalama yapadera ya sikani ndi magazi. Musachite manyazi kufunsa adokotala aliyense kuti anaphunzira kuti, ngati ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi, amene adzagwire mpeni ndani ndi amene adzagonetse ndani. Athuwa anayankha zonsezi mosanyinyirika. Koma ngati wodwala akubanika, akusanza kosalekeza, mimba yatupa mwadzidzidzi kapena wavulala pa ngozi, musadikire Loweruka. Thamangirani naye ku Zomba Central nthawi yomweyo.