Patapita miyezi 9: kudutsa nyanja kapena kuima m'madoko?

Nditangobwera ku maulendo awiri a sitima yapamadzi chaka chatha, ndinalemba maganizo anga chikwama ndisanamasule n'komwe. Ndinati ulendo woima m'madoko ndiwo uli ndi phindu, chifukwa pa masiku 7 okha munthu umaponda mizinda 5 kapena 6, pamene ulendo wodutsa nyanja umangoonerera madzi. Tsopano papita miyezi 9 chitsikireni m'sitima yachiwiri, ndipo ndabwera kudzakonza mawu anga. Sikuti ndinanama ayi, ndinalemba zimene ndinkamva nthawi imeneyo. Kungoti zimene munthu amasimba atangotsika ndi zimene zimamutsalira m'mutu pakapita nthawi n'zosiyana.

Maulendowo anali otere. Woyamba tinayenda mu Juni, ine ndi akazi anga, pa nyanja ya Mediterranean: kunyamuka ku Barcelona, kuima ku Palma, Marseille, La Spezia, Civitavecchia ndi Naples, kenako tsiku limodzi la panyanja n'kubwereranso ku Barcelona. Wachiwiri unali mu Seputembala, pa sitima ya Queen Mary 2, kudutsa nyanja ya Atlantic kuchoka ku Southampton ku England kupita ku New York, masiku 7 osaima paliponse.

Chimene chandichititsa kulembanso ndi nkhani ya zithunzi. Mwezi wathawu tinakhala pansi kuti tisankhe zoti titsukitse, ndipo tinapeza chithunzi cha tchalitchi china chimene tonse awiri sitinathe kunena kuti chinali mumzinda uti. Akazi anga ankati ku Marseille, ine ndinkati ku Palma. Tinachita kuyang'ana deti la pafoni kuti tidziwe. Zinandipweteka, chifukwa malo amenewo ndinawalakalaka kwa zaka zambiri, ndipo ndinafikako ndithu, koma m'mutu mwanga asakanikirana ngati zovala za m'beseni limodzi.

Chifukwa chake ndachimvetsa tsopano. Sitima ya madoko imayenda usiku n'kuima masana. Imakocheza cha m'ma 7 kapena 8 m'mawa, ndipo pofika madzulo aliyense ayenera kukhala atakwera, nthawi zambiri mphindi 30 isananyamuke. Ukachedwa uli pa ulendo wako wawekha, sikudikira. Vuto lina n'loti dzina lolembedwa pa pepala la ulendo si malo amene sitima imaima. Amalemba Rome, koma doko ndi Civitavecchia, makilomita pafupifupi 80 kuchokera mumzinda, ndipo pa sitima yapamtunda pamatenga ola limodzi ndi kanthu. Amalemba Florence, koma kuchoka ku La Spezia ndi maola pafupifupi 2 pa basi, kubwerera maola 2 enanso. Ngakhale ku Marseille, kumene doko lili mumzinda womwewo, sitima zikuluzikulu zimaima patali ndithu ndi Vieux-Port, doko lakale la pakati pa mzinda, moti umafunikabe basi.

Tsiku la ku Rome ndimalikumbukira ngati tsiku la mayeso. Tinadzuka kusanache, tinathamangira sitima yapamtunda, tinaima pamzere ku Colosseum, bwalo lamasewera la Aroma akale, dzuwa likutentha, tinadya choimirira, ndipo kuyambira cha m'ma 2 masana maso anga anali pa wotchi. Nyumba yomwe yakhala chiimire zaka pafupifupi 2,000 ndinaiona mtima uli m'mwamba, ndikuwerengera nthawi ya sitima yobwerera. Ukandifunsa lero kuti Rome ndi wotani, ndikuuza za pasiteshoni.

Pa madoko onse 5, limodzi lokha ndilo latsala lathunthu, ndipo ndi Naples. Kumeneko sitima imaima mumzinda mwenimweni, pafupi ndi Castel Nuovo, ungotsika n'kuyamba kuyenda wapansi. Tinali titakonza zopita ku mabwinja a mzinda wakale wa Pompeii, koma akazi anga anati, "Bambo, ine miyendo yakana, lero tisakwerenso kanthu." Tinangolowa m'tinjira tating'ono, tinakhala pa kamalo kena komwera khofi kwa maola awiri, tikuonera anthu akuyanika zovala m'makonde a nyumba zosanja, njinga zamoto zikudutsana mothinana, phiri la Vesuvius likuonekera kumapeto kwa msewu wina. Tsiku limene tinaona zochepa ndilo ndikulikumbukira lonse, mpaka fungo lake.

Pali chinanso chomwe poyamba sindinachitchule koma chakhala chikundivuta. Sitima yathu inali ndi anthu masauzande angapo, ndipo madoko ena tinkapezako sitima zina zazikulu chimodzimodzi. Tonse timatsika ola limodzi, n'kulunjika msewu umodzi, n'kuchoka ola limodzi. Nkhope za eni mzinda ndinkaziona. Nditamva kuti dziko la Italy linaletsa sitima zoposa matani 25,000 kudutsa pakati pa Venice kuyambira mu Ogasiti 2021, ndiponso kuti mzinda wa Dubrovnik ku Croatia unachepetsa sitima zoima pa tsiku, sindinadabwe. Inenso ndinali m'gulu la chikhamu chimenecho.

Tsopano za ulendo wodutsa Atlantic, umene poyamba ndinaupeputsa.

Masiku awiri oyamba ndinavutika, ndisabise. Thupi linazolowera kuti kukacha pakhale pothamangira. Ndinkadzuka, kutsegula katani, madzi. Kupita kukadya, madzi. Madzulo, madzi omwewo. Ndinkangoyendayenda m'sitima ngati munthu wotaya kanthu. Tsiku lachitatu ndi pamene china chake chinakhazikika mwa ine, ndipo ndikuganiza kuti chinayamba ndi wotchi. New York ili kumbuyo kwa England ndi maola 5, choncho popita kumadzulo wotchi amaibweza ola limodzi usiku, kasanu pa ulendo wonse. Masiku 5 amakhala a maola 25. Munthu wamkulu amene wakhala zaka zambiri akudandaula kuti nthawi siikwana, mwadzidzidzi akupatsidwa ola laulere usiku ndi usiku. Ndinagona tulo tomwe ndinali nditaiwala kuti tiliko. Amene amachokera ku New York kupita ku Southampton zawo zimatembenuka, ola amalandidwa, ndipo n'chifukwa chake ndimalangiza aliyense woyamba kuti asankhe wopita kumadzulo.

Tsiku limadzipangira lokha dongosolo. M'mawa kuyenda pa khonde lamatabwa lozungulira sitima yonse, pomwe ukazungulira katatu wapitirira mailo imodzi. Mphepo ya kumpoto kwa Atlantic ndi yozizira ngakhale mu Seputembala, imakulasa kumaso, koma anthu omwewo umakumana nawo m'mawa uliwonse, ndipo pofika tsiku lachinayi mumapatsana moni ngati anthu odziwana kalekale. Nthawi ikakwana 12 koloko masana lipenga la sitima limalira, kenako kaputeni amalankhula: tili pakuti, tayenda mtunda wakuti chichokereni dzulo, pansi pathu madzi ndi akuya mwakuti. Anthu amasiya zokamba n'kumvetsera. Mawu amenewo ndiwo nkhani yaikulu ya tsikulo, ndipo ndinadabwa kuona mmene ndinkawayembekezera. Masana ndinkakhala mu laibulale, yomwe ili kutsogolo kwa sitima, mawindo ake oyang'ana kumene tikupita. Ndinamaliza mabuku awiri. Chaka chonse cham'mbuyo mwake sindinamalize ngakhale limodzi.

Ndipo madzi aja si amodzimodzi, monga ndinalembera mwachibwana poyamba paja. Tsiku lina ndi obiriwira modera, lina ndi otuwa ngati chitsulo, lina osalala moti mitambo imaonekeramo. Titayandikira Grand Banks, dera losaya la nyanja kufupi ndi chilumba cha Newfoundland ku Canada, kumene madzi ozizira a Labrador amakumana ndi ofunda a Gulf Stream, tinalowa m'chifunga chochindikala. Ngakhale kutsogolo kwa sitima sikunkaoneka. Malamulo a panyanja amati sitima yoyenda m'chifunga iziliza lipenga pa mphindi 2 zilizonse, ndipo tinayenda choncho kwa maola ambiri, lipenga likulira n'kukazimirira kutali popanda woyankha. Dera limenelo si lotalikirana kwambiri ndi pamene Titanic inamira mu 1912, ndipo aliyense anali akudziwa. Ndinaima panja nthawi yaitali, malaya atanyowa ndi chinyezi. Palibe chimene ndinajambula, chifukwa panalibe chojambula, koma ndikatseka maso lero ndimalimva lipenga lija.

Mafunde nawo analipo. Tsiku limodzi nyanja inakwiya, khonde lakunja anatseka, ndipo akazi anga anagona tsiku lonse ndi nseru. Apa ndi pomwe ndinamvetsa kusiyana kwa sitima ziwirizi. Queen Mary 2, yomwe inayamba ntchito mu 2004, inamangidwira ulendo umenewu: mphuno yake ndi yaitali ndi yosongoka, thupi lake ndi lachitsulo chochindikala kuposa sitima wamba zokayenda, imamira m'madzi pafupifupi mamita 10, ndipo kutalika kwake ndi mamita 345. Imang'amba funde m'malo molimenya. Inkagwedezeka ndithu, koma mbale sizinagwe patebulo. Sitima zambiri za madoko zinamangidwa ngati nyumba zosanja zoyandama, zipinda zamakonde zochuluka, zoyenera nyanja yabata ndi maulendo afupiafupi a usiku. Amene amadwala nseru asanyengedwe ndi mawu anga okoma: atenge mankhwala asananyamuke, asankhe chipinda cha pakati pa sitima ndiponso chapansi, ndipo adziwe kuti pakati pa Atlantic palibe potsikira.

Kufika kwake ndiko sindingakuiwale. Tinadzuka m'bandakucha, kunja kuli mdima, anthu atadzaza pamwamba atafunda mabulangete. Magetsi a mlatho wa Verrazzano-Narrows anayamba kuoneka kutali. Chumuni cha sitimayi anachipanga chachifupi dala kuti chizitha kudutsa pansi pa mlathowu, ndipo mpata wotsala ndi mamita 4 okha kapena kuposera pang'ono. Ukayang'ana m'mwamba umachita kugwira mpweya, ukuona ngati chigunda. Chitadutsa, anthu anaomba m'manja. Kenako chipilala cha Statue of Liberty kumanzere, nyumba za Manhattan kutsogolo, kunja kukuyera. Pambuyo pa masiku 6 osaona mtunda, mzinda umenewo unalowa mwa ine wonse. Ku Mediterranean ndinafika m'mizinda 5 ndili m'tulo, ndikungodzuka n'kupeza sitima yamangidwa kale pa doko. Ku New York ndinafika ndili maso, ndipo thupi langa linkadziwa kutalika kwa njira yomwe ndadzera. Kampani ya Cunard, yomwe imayendetsa Queen Mary 2, yakhala ikuwolotsa anthu pa nyanja imeneyi kuyambira mu 1840, ndipo ndege zisanalande ntchitoyi kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, anthu ambiri opita kutsidyako ankafika motere.

Za ndalama ndinalakwitsanso kuwerengera. Tikiti ya ulendo wa madoko inkaoneka yotchipa, koma doko lililonse linali ndi pakamwa pake: basi, sitima yapamtunda, zolipira pakhomo, chakudya cha kumtunda pamene cha m'sitima unalipira kale. Pa ulendo wodutsa nyanja panalibe kowonongera kwenikweni. Komabe uyenera kugula tikiti ya ndege yobwerera, ndipo madzulo ena amafuna zovala zaulemu, suti ndi taye kwa abambo, zomwe kwa ena ndi chisangalalo ndipo kwa ena ndi mtolo.

Akazi anga sagwirizana nane, ndipo ndilemba mawu awo monga amanenera. Amati, "Inu bambo mumakonda kukhala phee, ndiye nyanja inakuyanjani. Ine ndinalipira kuti ndione dziko, osati kuti ndiwerenge buku lomwe ndikanawerenga pakhonde." Amatinso ulendo wa madoko uli ngati kulawa: pakanapanda iwo sitikanadziwa kuti Naples ndi malo oti tidzabwerereko sabata yathunthu. Pamenepo sinditsutsa. Kwa munthu amene sanafikeko kumaiko amenewo, kapena amene sangathe kunyamula zikwama kuchoka hotela ina kupita ina, kumasula katundu kamodzi n'kumadzuka m'dziko lina tsiku ndi tsiku ndi mwayi weniweni. Mabanja a ana aang'ono nawonso ndikukayika ngati masiku 7 a madzi okhaokha angawakomere. Chimene ndingawauze n'choti asayese kuona zonse. Pa madoko 5, asankhe awiri oti atopeko, ena angoyenda pafupi, ndipo limodzi atsale m'sitima anthu onse atatsika.

Ine ndikapatsidwanso mwayi umodzi wokha, ndidutsa nyanja. Kuyenda kwa m'mawa komwe ndinayamba pa khonde lija ndikupitirizabe mpaka lero, ndipo foni ndimaisiya kuchipinda china ndikamawerenga. Kuchokera ku ulendo wa madoko ndinabwera ndi zithunzi mazanamazana ndi kutopa kwa sabata yathunthu.

Panopa tikukambirana zokumana pakati. Chaka chilichonse cha mu Okutobala ndi Novembala sitima zambiri zimasamuka ku Ulaya kupita ku Caribbean, n'kubwereranso cha mu Epulo. Ulendo wotere umatenga pafupifupi masabata awiri, mtengo wake pa tsiku nthawi zambiri umatsika, ndipo umayamba ndi madoko angapo, monga Funchal pa chilumba cha Madeira kapena zilumba za Canary, kenako masiku 6 kapena 7 a nyanja yokhayokha. Njirayo ndi ya kum'mwera, yofunda kuposa ya ku New York. Akazi anga avomera ndi mfundo ziwiri: chipinda chikhale cha pakati, ndipo ku Funchal tikatsika, wotchi agwire ndi iwo.